Tijambule tokha mapu a dera lathu: malangizo kwa anthu a ku Zomba

Madzi a namondwe wa Freddy ataphwera mu Malichi 2023, tinatengana anthu angapo a m'dera lathu, m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, kukadandaula ku ofesi ina za ngalande imene imatsanulira madzi m'nyumba zathu dzinja lililonse. Anatilandira mwaulemu ndithu, mipando anatipatsa. Koma atangofunsa kuti ngalandeyo ili pati kwenikweni, nanga nyumba zolowa madzi ndi zingati, tonse tinayamba kulankhula nthawi imodzi. Uyu akuti kuseri kwa chigayo, uyo akuti kumunsi kwa tchalitchi, wina akuloza ndi mkono kunja kwa windo. Pakhoma panali mapu aakulu. Ndinawayandikira kufunafuna kwathu, ndipo ndinangopeza msewu waukulu ndi mtsinje basi. Pakati pa ziwirizi, pamene pali nyumba zathu, mjigo wathu ndi tinjira timene ana amadzera popita kusukulu, panali pepala loyera. Tinabwerako chimanjamanja.

Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Malo amene saoneka pa mapu amaiwalika pogawa chitukuko, koma amakumbukiridwa msanga pofuna potaya zinyalala. Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo kuyambira nthawi ya atsamunda nyumba za akuluakulu a boma zinamangidwa kumtunda, m'tsinde mwa phiri, kumene madzi a Mulunguzi amafika akadali oyera. Anthu wamba tinatsalira kumunsi, kumene madzi amafika atasenza zonse. Kumunsi kwa ife kulinso ena: alimi a mpunga a kusikimu ya Likangala, ndi asodzi a matemba ndi milamba a ku Chilwa, nyanja imene ilibe potulukira madzi. Chimene chatayidwa kumtunda chimakathera kwa iwo.

Kujambula mapu tokha ndi njira imodzi yoti dandaulo lathu likhale ndi umboni woti munthu angauloze ndi chala. Anzathu ena anachita kale. Mu 2009 achinyamata a ku Kibera, mumzinda wa Nairobi, anaika dera lawo pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angathe kuwonjezerapo. Ku Dar es Salaam ntchito ya Ramani Huria inayamba mu 2015, kulondola ngalande ndi malo osefukira madzi. Kwathu konkuno, mu 2014, ntchito yotere inachitika ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Sizilira digiri. Zimalira anthu odziwa dera lawo, kope, ndi kudekha.

Yambani ndi funso limodzi

Foni ndi mapepala zidikire kaye. Khalani pansi anthu ochepa, mugwirizane funso limene mapuwo adzayankhe. Mukangoti "tijambule dera lathu" mudzatola chilichonse, mudzatopa, ndipo pepala lidzadzaza popanda chonena. Funso likhale lakuthwa. Ndi nyumba ziti zimene zimalowa madzi Likangala akadzaza, nanga madziwo amadzera pati? Ndi mabanja ati amene ali kutali ndi madzi abwino akumwa? Nkhalango ya mudzi ikuthera mbali iti? Kwa anzathu a ku Kachulu funso lingakhale la malo okocheza mabwato, kapena la madimba amene anthu amalimbirana nyanja ikaphwa.

Gwirizananinso amene mudzamuonetse mapuwo, kaya ndi amfumu, khansala kapena khonsolo, chifukwa zimenezo ndizo zidzakuuzeni zoyenera kuyeza.

Pitani kaye kwa eni dera

Kumudzi yambirani kwa nyakwawa ndi a gulupu. M'tauni onanani ndi mabuloko lida ndi khansala wa wodi yanu. Pemphani kuti aitanitse msonkhano, ndipo pamsonkhanopo muchotse maganizo awiri amene amabwera okha anthu akaona achinyamata akuyendayenda ndi makope m'mbali mwa minda. Oyamba ndi akuti malo agulitsidwa. Achiwiri ndi akuti kukubwera thandizo ndipo mayina akulembedwa mobisa. Nenani poyera kuti palibe ufa, palibe makuponi, palibe alawansi. Ena adzachoka pomwepo, koma otsalawo ndiwo mudzagwire nawo ntchito mpaka kumapeto.

Posankha gulu, amayi asakhale ongodzaza nambala. M'midzi yambiri kuno malo amayenda mwa mbumba, bambo ndi mkamwini, ndipo amene amadziwa kuti malire a munda amadzera pachulu chiti ndi mayi ndi alongo ake. Amayi ndiwonso amadziwa mjigo umene umauma mu Okutobala. Itananinso a lendi, chifukwa m'madera ngati Chikanda, Sadzi kapena Chinamwali anthu ambiri amakhala m'nyumba za eni, ndipo kawirikawiri nyumba yotsika mtengo ndi imene ili pamalo oipa. Akabaza amadziwa kanjira kalikonse. Munthu woyenda pa njinga ya olumala adzakuonetsani maenje amene enanu mumangolumpha osaganiza. Ofukula mchenga mumtsinje ndi oumba njerwa nawonso abwere. Mukawasiya kunja adzaona mapuwo ngati msampha wowakolera iwo.

Mapu oyamba ajambulidwe pansi

Gawo ili ndilo mtima wa ntchito yonse, choncho lipatseni m'mawa wathunthu. Sesani bwalo pamthunzi. Sonkhanitsani phulusa, timiyala, zitsononkho, zitsekerero za mabotolo, masamba a nthochi ndi ndodo imodzi yaitali.

Kuno ku Zomba tili ndi mwayi woti phiri limaoneka pafupifupi paliponse. Ikani mwala waukulu mbali imene kuli phiri, kuti mapu ayang'ane mmene dziko layang'anira, munthu akakweza maso aziona chimene chili pansicho. Kenako lembani zinthu zimene palibe angatsutse: mtsinje, msewu wa tala, sukulu, msika, tchalitchi, mzikiti. Phulusa likhale misewu, masamba a nthochi ong'amba akhale mitsinje ndi ngalande, timiyala tikhale nyumba. Zitsekerero zikhale mijigo ndi mipopi: choyang'ana kumwamba ndi mjigo wamoyo, chovundikira ndi wakufa. Ngakhale munthu amene sanapite kusukulu amawerenga mapu otere mosavuta.

Ndodo iziyenda m'manja. Amene mukutsogolera ntchitoyi, makamaka ngati munaphunzira, musaigwire. Ntchito yanu ndi kufunsa: apa pali chiyani, nanga kale panali chiyani, ndani amadzera apa. Ngati n'kotheka amayi ajambule awo, abambo awo, achinyamata awo, kenako muwayerekeze. Pamene mapuwo asiyana m'pamene pali nkhani.

Kwathu, mnyamata wina anajambula ngalande ija yowongoka bwinobwino motsata msewu. Agogo ena aakazi, amene anakhala chete pamkeka m'mawa wonse, anadzuka ndi ndodo yawo, nafufuta mzerewo ndi phazi.

"Iyayi mwanawe, madzi sadzera pamenepo. Apa panali khwawa. Tinkachapira pomwepa tili atsikana, anthu anachita kukwirira pomanga nyumbazi."

"Ndiye linkathera kuti, agogo?"

Anakoka mzere wokhotakhota kuchokera kumtunda kwa msewu, kudutsa pakati pa timiyala, mpaka pa masamba a nthochi. Anthu anangoti zii. Timiyala tonse timene mzerewo unakhudza tinali nyumba zimene zinalowa madzi nthawi ya Freddy. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo tsiku limenelo tinaona ndi maso kuti vuto lathu linali lalikulu kuposa ngalande yotsekeka ndi mapepala apulasitiki.

Mukamaliza, wina akwere pampando ajambule chithunzi kuchokera pamwamba, ndipo anthu awiri akopere zonse papepala lalikulu nthawi yomweyo, mbuzi ndi ana zisanadutsepo. Pakona lembani tsiku, muvi woloza kumpoto, ndi tanthauzo la chizindikiro chilichonse.

Funsani zakale

Musabalalike musanafunse achikulire za zaka za m'mbuyo. Zomba ili ndi mbiri yaitali ya madzi: Napolo wa mu Disembala 1946 amene anatsika m'phiri n'kuwononga tauni, madzi osefukira a mu Januwale 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, kenako Freddy. A kunyanja amakumbukira zaka zimene Chilwa inaphwa, monga 1968, 1995 ndi 2012. Pa chochitika chilichonse funsani pamene madzi anafika, ndipo mulembe mzere wa mtundu wakewake. Okalamba ambiri sasunga zaka m'manambala, choncho athandizeni ndi zochitika: inali nthawi ya riferendamu ya 1993 isanafike kapena itapita, njala ya 2002 inali itadutsa kapena ayi. Ngati wina ali ndi kompyuta, Google Earth imaonetsa zithunzi zakale za malo omwewo, ndipo mungaone nokha mmene mitengo yatheramo ndi mmene nyumba zayandikirira mtsinje.

Tsopano yendani ndi mapazi

Mapu a pansi amanena zimene anthu akudziwa. Kuyenda kumatsimikiza. Gawanani m'magulu a anthu atatu kapena anayi: wina wa foni, wina wa kope, wina wodziwika bwino m'deralo amene aziyamba kuodira ndi kulonjera eni nyumba. Gulu lililonse lipatsidwe chigawo chake, malire ake akhale msewu kapena mtsinje, kuti pasapezeke malo olembedwa kawiri kapena odumphidwa.

Pafoni ikani OsmAnd kapena Organic Maps, zonse zimapezeka kwaulere. Tsitsani mapu a Malawi kamodzi pamene pali intaneti yabwino, ndipo mukatero zizigwira ntchito popanda bandulo. GPS ya foni, imene imakuuzani pamene mwaima, imamva masetilaiti mwachindunji, siifuna netiweki kapena mayunitsi, imangodya batire, ndiye tchajani usiku ndipo nyamulani pawabanki ngati ilipo. Amene mukufuna mafunso olembedweratu pafoni mungagwiritse KoboCollect, koma kope wamba nalonso limakwanira.

Mukafika pa chinthu choti chilembedwe, imani pomwepo penipeni, pamtetete, osati pakhonde la malata kapena patsinde pa mtengo wa mango. Dikirani pafupifupi mphindi imodzi kuti kadontho kosonyeza pamene muli pafoni kakhazikike. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ambiri amalakwitsa pano chifukwa cha changu. Foni idzakupatsani manambala awiri. Mumzinda wa Zomba ndi madera ozungulira, yoyamba imayamba ndi -15, yachiwiri ndi 35. Kamzere kali kutsogolo kwa 15 musakaiwale pokopera m'kope. Kamatanthauza kuti tili kummwera kwa ikweta, ndipo mukakasiya mjigo wanu udzapezeka uli ku Sudan. Koperani manambala osachepera asanu a pambuyo pa kadontho.

Malo alionse apatseni nambala yake, ndipo nambala yomweyo ikhale m'kope, pafoni ndi pachithunzi. Zolemba zimadalira funso lanu lija. Pa mjigo lembani ngati ukutulutsa madzi, miyezi imene umauma, ngati madzi ake ali a mchere, mabanja amene amatunga pamenepo, ndi mphindi zimene mayi amatha pamzere m'mawa. Muyezo umene a zamadzi amatsata m'dziko muno ndi woti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, ndipo munthu asamayende mtunda woposa mamita 500 kukatunga. Yezaninso kuchokera pachitsime kapena pamjigo kufika pachimbudzi chapafupi. A zaumoyo amalangiza mamita osachepera 30, ndipo aliyense amene anaona kolera wa 2022 ndi 2023 akudziwa chifukwa chake. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mukamutenga paulendowu adzakuthandizani kwambiri.

Pa nyumba zolowa madzi, yang'anani mzere wa matope umene umatsala pakhoma, muuyeze ndi tepi kuchokera pansi. Ngati anazira kale, funsani mwini nyumba kuti madzi anafika pati: mu akakolo, m'mawondo, m'chiuno kapena pachifuwa. Magulu anayi amenewa ndi okwanira kupanga mitundu inayi pa mapu. Funsaninso mbali imene madzi analowera ndi maola amene anakhala. Lembani milu ya zinyalala, maenje a njerwa odzaza madzi, magombe ogumuka, ndi milatho ya mitengo imene ana amawolokera.

Ngati foni palibe, musaleke. Tengani chingwe cha mamita 10, mumange mfundo pa mita iliyonse, muziyeza kuchokera pa chinthu chosasuntha monga ngodya ya sukulu kapena mlatho. Kwa minda ndi nkhalango, alimi amadziwa kale kuti ekala ndi mapazi aakulu pafupifupi 70 m'litali ndi 70 m'lifupi.

Chenjezo limodzi: mukaona mvula yakuta phiri, tulukani mumtsinje ngakhale pamene mulipo pakuwala dzuwa. Mitsinje yochokera m'phirimu imadzaza mwadzidzidzi.

Zosayenera kulowa pa mapu a anthu onse

Apa ndikupemphani kuti mumvetsere bwino, chifukwa mapu akatuluka m'manja mwanu simungawaitanenso. Pangani mapu awiri. Oyamba, okhala ndi zonse, atsale m'dera. Achiwiri ndiwo opita kumaofesi ndi pa intaneti.

Pa achiwiriwa pasakhale dzina la munthu. Nyumba ziziwerengedwa ndi manambala, ndipo mndandanda wa mayina usungidwe ndi komiti. Musaike chizindikiro pa nyumba ya munthu wachialubino, ya ana amasiye okhala okha, kapena ya wodwala aliyense. Tonse tikudziwa zoopsa zimene abale athu achialubino akumana nazo m'dziko muno, ndipo mapu otere angasanduke mlozo wa achiwembu. Za manda, ndagala, tsimba ndi mitengo ya mankhwala, eni ake ndiwo anene ngati zioneke kapena ayi. Pamene pakufukulidwa mchenga kapena kuotchedwa makala onetsani malo ndi kuwonongeka kwake, mayina a anthu ayi. Mayi wosenza mchenga pamutu kuti ana adye si amene ayenera kukhala woyamba kulangidwa ndi mapu a mudzi wake womwe.

Nkhani ya malire ndiyo yotentha koposa. GPS ya foni imaphonya ndi mamita angapo, ndipo mamita angapo m'munda ndi mizere ingapo ya chimanga, yokwanira kudanitsa pachibale. Mapu anu si chikalata cha umwini wa malo. Kulembetsa malo a makolo kuli ndi njira yake pansi pa lamulo la Customary Land Act la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022. Lamuloli limakhazikitsa komiti ya malo yotsogozedwa ndi a gulupu, yokhala ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, ndipo osachepera atatu mwa iwo ayenera kukhala amayi. Mikangano ili ndi bwalo lake lotsogozedwa ndi mfumu yaikulu. Mukapeza malire okanganirana, jambulani mizere yonse iwiri yodukizaduka, mulembe kuti pali mkangano, mupitirire. Kuweruza si kwanu.

Kuyeretsa mapu ndi kuwabwezera kwa eni ake

Sonkhanitsani makope onse, mujambule mapu oyera papepala lalikulu. Ngati mukufuna osindikiza, pulogalamu ya QGIS ndi yaulere, ndipo ophunzira za mapu ku Chanco amaidziwa. Wothandiza aliyense wochokera kunja mugwirizane naye polemba kuti zonse zimene mwatola ndi za dera lanu, ndipo sadzazipereka kwina popanda chilolezo. Misewu, mijigo, milatho ndi masukulu mungaziike pa OpenStreetMap kuti aliyense azione, koma ikani zimene mwayeza nokha. Kukopera za pa Google Maps n'koletsedwa kumeneko.

Musanapite nawo kulikonse, pachikani mapuwo pasukulu kapena pabwalo la amfumu kwa sabata imodzi, pensulo ili pambali. Anthu adzapeza zolakwika, ndipo n'zabwino kuti azipeze iwo kusiyana ndi kuti akazipeze bwana wa ku ofesi. Pamsonkhano wotsiriza funsani momveka ngati anthu akuvomereza kuti mapuwa apite, ndiponso ndani akawaperekeze.

Kukagogoda nawo

Mapu asapite okha. Aperekezeni ndi kalata ya tsamba limodzi yonena zimene mwapeza m'manambala anu, ndi zopempha zosaposa zitatu, chilichonse choloza nambala ya malo pa mapu. "Tikupempha chitukuko" sichiyankhika. "Tikupempha kalavati pa nambala 14, pamene khwawa lakale limadutsa msewu" chimafuna kuti munthu ayankhe inde kapena ayi.

Kumudzi njira ndi ya komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kenako ya dera la mfumu yaikulu (ADC), mpaka kukhonsolo ya boma, kuti nkhani yanu ilowe m'mapulani a chitukuko. Mumzinda dzerani kukomiti ya chitukuko ya wodi ndi kwa khansala. Za madzi osefukira zipitenso kukomiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'dera lanu, pamodzi ndi njira zothawira ndi malo okwera amene mwalemba. Za nkhalango zidzere kukomiti ya zachilengedwe ya m'mudzi ndi kwa alangizi a zankhalango. Fikani bajeti isanakonzedwe, chifukwa ikadutsa mudzauzidwa kudikira chaka china.

Dziwaninso malamulo amene ali kumbali yanu. Environment Management Act ya 2017 imati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi athanzi, ndipo ndiyo inakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, kumene mungakadandaule za kuipitsidwa kwa mtsinje kapena mtaya woikidwa pafupi ndi nyumba za anthu. Access to Information Act, imene inayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, imakupatsani mphamvu yopempha polemba kuti muone mapulani a dera lanu kapena lipoti la kafukufuku wa zachilengedwe wa ntchito imene ikubwera. Mukaika mapu awo pambali pa anu, mudzaona msanga ngati msewu kapena nyumba imene akufuna kumanga ikutseka njira ya madzi.

Kalata iliyonse ikhale ndi makope awiri, ndipo yanuyo aidinde ndi kulembapo tsiku limene alandira. Pitani anthu osachepera atatu, mmodzi akhale mayi amene anajambula nawo. Ife titabwerera ku ofesi ija, agogo aja anabwera nafe. Tinayala pepala patebulo, iwo naika chala pa khwawa lawo, ndipo bwana uja anatulutsa cholembera n'kuyamba kukopera manambala. Tisanatuluke tinapempha tsiku loti tidzabwerenso kudzamva yankho, ndipo tinalilemba kuseri kwa kalata yathu iwo akuona. Inunso musatuluke opanda tsiku.

Kusunga ndi kukonzanso

Sindikizani makope atatu, muwakute ndi pulasitiki. Imodzi ikhale kwa amfumu, ina kusukulu, ina kugulu la amayi, kuti pasakhale munthu mmodzi amene angawatsekere m'sutikesi. Zithunzi ndi manambala zisungidwe pa mafoni osachepera awiri ndi pa memori khadi.

Dera limasintha, choncho yendaninso kawiri pachaka. Ulendo wina ukhale mu Okutobala, pamene mijigo yofooka imaonekera ndiponso nthawi yokonza ngalande ikadalipo. Wina ukhale kumapeto kwa Malichi, mizere ya matope isanafufutike pamakoma. Pemphani eni nyumba ziwiri kapena zitatu za kumunsi kwenikweni kuti akuloleni kulemba ndi penti pakhoma lakunja pamene madzi afika chaka chimenecho, ndi chakacho pambali pake. Mzere watsopano uliwonse muuyeze ndi tepi yomwe ija, muulembe m'kope pansi pa nambala ya nyumbayo.